Makalata a asilikali athu ali kuti?

Chaka ndi chaka, Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala, atsogoleri a dziko lino amabaya duwa lofiira pachifuwa n'kukaika nkhata za maluwa pachipilala cha chikumbutso, kaya ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks, kaya ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe. Lipenga limalira, anthu amati zii kwa mphindi ziwiri, kenako zolankhula zimayamba. Amalankhula mtsogoleri wa dziko kapena nduna yake, abusa ndi mashehe amapemphera, akazembe amagwada pang'ono pachipilala. Nanga mwini nkhaniyo, msilikali amene anagona m'matope a ku Burma, mawu ake amamveka pati? Kodi munthu ameneyu anakhala zaka zitatu kapena zinayi kutsidya kwa nyanja osatumizako ndi kalata imodzi yomwe kwa mayi ake? Ngati anatumiza, kalatayo ili kuti lero?

Tikufunsa izi maso athu ali ku Ntaja ndi midzi ya kwa Kawinga, kwa Liwonde, kwa Nyambi, kutsikira ku Nayuchi, ndi kutsidya kwa Shire ku Balaka. Ndi madera ochepa m'Malawi muno amene nkhani ya usilikali inawalowa m'magazi ngati amenewa. Mu 1895 Angelezi anathira nkhondo mfumu Kawinga paphiri la Chikala. Pasanapite nthawi, Angelezi omwewo anayamba kulemba Ayao ambiri usilikali, akuwatama kuti ndi mtundu wosaopa mfuti. Mu 1900 asilikali a kuno anali kale ku Ashanti, m'dziko lomwe lero ndi Ghana. Gulu la King's African Rifles, lomwe agogo athu ankangoti Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mu Epulo 1903 asilikali ambiri a batalioni yake yachiwiri, ya ana a Nyasaland, anaphedwa pa Gumburu ku Somaliland. Kodi uthenga wa maliro amenewo unafika bwanji m'midzi ya m'mphepete mwa Chikala? Unabwera papepala kapena pakamwa pa mesenjala wa kwa DC? Anaulandira ndani, ndipo anamuuza kuti mwana wake wafera chiyani?

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe akale ankaitcha ya Chiwaya, inatenga asilikali pafupifupi 19,000 m'dziko muno, ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, pamene anthu onse a Nyasaland ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Amtengatenga ambiri sankadziwa kulemba, ndipo munthu amene wasenza bokosi la zipolopolo kuchokera ku Karonga kulowa m'tchire la German East Africa analibe pepala, sitampa, ngakhale mpata wopuma. Uthenga wawo unkayenda pakamwa pa mnzawo amene wabwezedwa chifukwa cha kamwazi kapena zilonda. N'chifukwa chake kalata yodziwika kwambiri ya nkhondo imeneyo kuno kwathu sinalembedwe ndi msilikali ayi. Anailemba John Chilembwe mu Novembala 1914, kupita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anakumbutsa boma za magazi a anthu akuda amene anakhetsedwa kale m'nkhondo za eni ake, nafunsa chimene amayi amasiye ndi ana amasiye adzapindule nkhondo ikadzatha. Boma linaitsekereza kalatayo kuti isafalikire. Ngati mawu a m'busa wophunzira ku America anachitidwa zotere, a mtengatenga wa kwa Mposa akanafika pati? Kuwonjezera apo, mu 1919 moto unapsereza maofesi a boma ku Zomba pamodzi ndi mapepala ambiri a zaka zimenezo.

Koma nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, ndi nkhani ina. Apa palibe pobisala. Amuna oposa 25,000 a dziko lino anavala yunifomu. Anamenya nkhondo pa Moyale m'malire a Kenya ndi Ethiopia mu 1940, dzina lomwe lero lili pa Moyale Barracks ku Mzuzu. Anapita ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942, ku Ceylon, ndipo mu 1944 analowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma nthawi ya mvula yosalekeza, m'gulu la 11th East African Division. Nthawi imeneyi positi ya asilikali inalipo. Gulu lankhondo linali ndi aphunzitsi ake, ndipo anyamata ena amene anachoka kumudzi asakudziwa ndi "a" yemwe anabwera akulemba okha dzina. Akuluakulu a nkhondo ankadziwa kuti msilikali amene sakumva za kwawo salimba mtima, motero makalata ankawalimbikitsa. Ankapita, ankabwera. Ndiye tifunsenso: ali kuti?

Tiyeni tiitsate kalata yoteroyo m'njira yake, chifukwa pamenepa m'pamene pali nkhani. Mnyamata wa ku Ntaja chilankhulo cha mayi ake n'Chiyao kapena Chilomwe. M'mabatalioni a Nyasaland malamulo ankaperekedwa m'Chinyanja. Ayao ambiri achisilamu sankatumiza ana awo kusukulu za mishoni poopa kuti akawatembenuza, choncho mnyamatayo mwina zilembo zimene ankazidziwa zinali za Chiarabu zimene anaphunzira kumadrasa. Pofuna kulemba kalata, ankapita kwa mnzake wodziwa zilembo za Chizungu, kopolo kapena kalaliki wa kampani yake, n'kumuuza mawu. Kodi munthu ungamuuze mnzako wa m'hema limodzi zonse zimene ukufuna kunong'oneza mkazi wako? Kalata ikalembedwa sinkamatidwa msanga. Inkayamba yadutsa m'manja mwa woyendera makalata, amene ankafufuta dzina la malo, la sitima, ndi chilichonse chimene ankaona kuti chingathandize mdani kapena kufooketsa anthu kumudzi. Ikatero inkakwera sitima, kudzafika kuboma kapena kumishoni, n'kudikira munthu wopita chakumudziko. Ikafika, mayi sankaiwerenga okha. Ankaitana mphunzitsi, kalaliki wa khoti la mfumu, kapena mwana wasukulu, ndipo owerengayo ankamasulira m'Chiyao pakhonde, anansi ali tcheru.

Tawerengani manja amenewo. Wolemba, wofufuta, wonyamula, wowerenga, womasulira. Kodi mawu amene anafika m'khutu la mayi anali a mwana wawo, kapena zotsala zake? Kodi wowerenga akapeza mzere woti wina wa m'mudzimo waphedwa, ankautchula kapena ankaulumpha? Wina anganene kuti kalata yodutsa m'manja ochuluka chotere ilibe phindu kwa wolemba mbiri. Ife tikuti phindu lake lili pomwepo. Mzere wofufutidwa ukutiuza chimene boma linkaopa. Moni wautali wotchula mbumba yonse mmodzimmodzi ukutiuza amene msilikaliyo ankawawerengera kuti ndi ake. Chinyanja chosakanikirana ndi Chiyao, Chiswahili ndi Chingelezi cha pa perete ndi chuma kwa aliyense wofufuza m'mene chilankhulo chathu chinakulira. Nanga akatswiri a zilankhulo ku University of Malawi, amene ali pa Zomba pomwepa, sakufuna kuona Chinyanja cha mu 1944 cholembedwa ndi munthu wamba, osati ndi mmishonale?

Pali funso lina limene ndi anthu a dera lino okha angalimve kulemera kwake. Kuno ukwati ndi wa chikamwini. Mwamuna amakakhala kwa mkazi, koma mbumba yake, alongo ake ndi ana a alongo akewo, ili kumudzi kwa mayi ake. Tsono msilikali ankalembera yani? Mkazi, mayi, kapena mjomba? Ndalama zimene ankadulitsa pa malipiro ake kuti zizikalandiridwa kwa DC ankalembetsa dzina la yani? Wolemba mbiri Timothy Parsons, m'buku lake la mu 1999 lonena za asilikali wamba a Keyala, akuonetsa kuti zimene zinkawasowetsa tulo anyamatawa sizinali zipolopolo zokha. Zinali tchuthi chosabwera, ndalama zosafika kwa eni ake, ndi mbiri zoti mkazi watengedwa ndi wina. Tangoganizani mkamwini amene wachoka zaka zinayi, munda wa apongozi osalimidwa, abale a mkazi akunong'onezana kuti mwana wawo akukalamba ndi kudikira munthu amene mwina anafa kale. Maukwati angati a ku Machinga anapulumuka chifukwa cha pepala limodzi lofika nthawi yake? Angati anatha chifukwa pepalalo linagonera m'kabati kuboma? Mayankho ake simungawapeze m'malipoti a akaputeni.

Ndipo vuto lathu ndi limeneli: mbiri ya Keyala imene ili m'mabuku ambiri inalembedwa ndi maofesala achizungu kapena kuchokera m'mapepala awo. Ili ngati mlandu umene mfumu yagamula itamva mbali imodzi. Maofesalawo amatiuza kuti asilikali athu anali okhulupirika, oseka, olimba. Mwina analidi otero. Koma kodi anali kuseka pamene anamva kuti ndalama ya chithokozo pakutha pa nkhondo inali masheleni 10 pa mwezi uliwonse wa ntchito kwa msilikali wamba wachizungu, pamene wakuda ankalandira masheleni atatu ndi theka? Izi zinaululika poyera mu 2019, mtolankhani Jack Losh atapeza mapepala ake m'nkhokwe za boma la Britain. Mu Epulo 2021, bungwe loyang'anira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene anafera Britain pa nkhondo yoyamba, ambiri mwa iwo a kuno ku Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo, mwina sanakumbukiridwe n'komwe. Eni nkhondo avomera okha kuti kaundula wawo ndi wopereweza. Nanga ife kaundula wathu tikuyembekeza kuti atilembera ndani?

Tisanamizire azungu onse. George Shepperson anali ofesala wachinyamata pakati pa asilikali a Nyasaland ku Burma. Anaphunzira Chinyanja, anamvetsera zimene anyamatawo ankaimba ndi kukamba, ndipo chidwi chimene anachitenga kumeneko ndi chimene chinabala buku lonena za Chilembwe limene analemba ndi Thomas Price mu 1958. Melvin Page, wa ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anayendayenda m'midzi pamodzi ndi ophunzira a University of Malawi kufunsa nkhalamba zimene zinaona nkhondo ya Chiwaya. Buku lake linatuluka mu 2000, ndipo mawu a nkhalambazo anasindikizidwa mu 2021. Pakanapanda ulendo umenewo, mawu amenewo akanalowa m'manda onse. Tiwayamike. Koma kodi sizochititsa manyazi kuti nthawi zonse amene amafika ndi kope pakhonde la agogo athu ndi mlendo? Ku America, Andrew Carroll anayamba mu 1998 kupempha mabanja kuti amutumizire makalata a kunkhondo, ndipo lero ku Chapman University kuli makalata oposa 100,000. Anayamba munthu mmodzi, ndi bokosi la ku positi ofesi. Ife tikusowa chiyani, bokosilo kapena chidwi?

Wina asaganize kuti iyi ndi nkhani ya atsamunda yokha. Njanji yochokera pa Nkaya kudutsa Liwonde mpaka Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970, ikudutsa m'boma la Machinga lomweli. Kuyambira mu 1987 asilikali a Malawi Army anatumizidwa kutsidya kwa Nayuchi kukalondera njanji ya ku Nacala pamene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali pachimake, ndipo nkhondoyo inatha ndi pangano la ku Rome mu Okutobala 1992. Ena mwa asilikaliwo anafera komweko. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene nkhani zotere sizinkakambidwa pawailesi, ndipo munthu wofunsa zambiri ankadziputira mavuto. Asilikali amenewo ambiri ali moyo, akazi awo ali moyo. Kodi ankalemberana chiyani? Kodi mwana wa sekondale ku Ntaja, amene amaloweza za pangano la Versailles kuti akhoze mayeso a MSCE, akudziwa kuti sitima imene amaimva usiku inkayenda asilikali a dziko lake ataika moyo pachiswe? Bwanji aphunzira nkhondo ya ku France mwatsatanetsatane, koma ya kuseri kwa nyanja ya Chiuta ayi?

Za lero ndiye zikutiopsa koposa. Kuyambira mu 2013 asilikali a Malawi Defence Force (MDF) akhala akutumikira kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo. Mu Novembala 2018 asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi tauni ya Beni, ndipo mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, amene anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, bungwe la United Nations linamulemekeza mu Meyi 2019 ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Mu Januwale 2025 ena atatu anafa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23. Asilikali a masiku ano salembanso pepala. Amaimba foni, amatumiza mawu ndi zithunzi pa WhatsApp. Zimafika tsiku lomwelo, ndipo n'zabwino. Koma foni ikagwera m'madzi, ikabedwa pa depoti, kapena ikadzaza mwini wake n'kufufuta zakale, chimatsala n'chiyani? Pepala la mu 1944 likhoza kukhala likadalipo pansi pa thiranki. Kodi uthenga wa mu 2018 udzakhalapo mu 2040? Kodi akuluakulu a MDF anayamba aganizapo zothandiza amayi amasiye kusunga mawu otsiriza a amuna awo pamalo oti sangafufutike?

Tikudziwa zimene ena ayankhe. Ati ku Machinga kuli njala, feteleza wakwera, achinyamata akuthawira ku Joni, inu mukukamba za mapepala akale? Funsolo n'lomveka, koma likuganiza ngati ntchitoyi ikufuna mabiliyoni. Ikufuna foni yojambula bwino, kope lolembamo dzina la mudzi ndi la banja, ndi munthu woyenda. Ndalama za mafuta a galimoto zopita ku mwambo umodzi wa Novembala zikhoza kuyendetsa ophunzira angapo m'midzi ya kwa Kawinga mwezi wathunthu. Komanso pepalalo lili ndi ntchito kwa banja lenilenilo. Pa kalata kapena pa envulopu pamakhala nambala ya msilikali, ndipo za ambiri a Nyasaland pa nkhondo yachiwiri zinkayamba ndi zilembo DN. Ndi dzina ndi nambala imeneyo, mdzukulu angathe kufufuza pa intaneti m'kaundula wa bungwe la manda lija n'kudziwa ngati agogo ake anaikidwa ku Taukkyan pafupi ndi Yangon kapena kwina. Banja limene linalira maliro opanda mtembo zaka 80 zapitazo, kodi kudziwa kumene kuli manda n'chinthu chaching'ono?

Ena ati m'makalata muli zinsinsi: nsanje, ngongole, mimba yokayikitsa, mawu olasa apongozi. Apa ndiye akunena zoona, ndipo aliyense wopita kukapempha ayambe wamva zimenezi. Kalata ndi ya banja, si ya boma, si ya yunivesite. Ijambulidwe, pepala lenilenilo litsale m'manja mwa eni ake. Banja linene lokha ngati maina atchulidwe kapena abisidwe, ngati iwerengedwe pawailesi kapena ingosungidwa. Ndipo pasapezeke munthu wogula mapepalawa pa mtengo wa sopo n'kukawagulitsa kunja. Koma chinsinsi si chifukwa choti tingokhala. Chiswe sichisankha mzere woti chidye, denga la udzu likadontha silisiya tsamba limodzi, ndipo aliyense amene anaona madzi a mu Januwale 2015 kapena namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa m'mene katundu wa m'nyumba amathera usiku umodzi. Nthawi zambirinso mdani si madzi. Ndi ife tomwe, pa tsiku logawa katundu wa malemu, pamene zovala zimapeza eni ake koma mapepala achikasu amakathera pamoto kapena kukulungira fodya.

Chodabwitsa n'chakuti dera lino silinaiwale usilikali. Gule wa Beni akuvinidwabe, ndi mayunifomu ake, maudindo ake ndi mayendedwe ake a pa perete. Thupi lakumbukira, miyendo yakumbukira. Bwanji tasunga kuguba koma osasunga mawu a oguba?

Mafunso otsala tiwapereke kwa eni ake. A National Archives of Malawi ku Zomba, amene ofesi yanu inayamba mu 1947, munalengezapo liti pawailesi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti mukufuna makalata a anthu wamba? A bungwe la asilikali opuma la VELOM, pamene mukuyendera mamembala anu okalamba, mumawafunsa za mapepala awo? A Chiwanja cha Ayao ndi a Mulhako wa Alhomwe, kodi chikhalidwe ndi magule ndi zakudya zokha? A khonsolo ya Machinga ndi ya Balaka, chingakulepheretseni n'chiyani kupatula tsiku limodzi pamsika wa Ntaja, la Nsanama, la Ulongwe, loti anthu abwere ndi zimene ali nazo zijambulidwe? Mashehe ndi amwalimu, ngati patapezeka pepala la Chiyao kapena Chiswahili cha zilembo za Chiarabu, adzaliwerenga ndani kupatula inu?

Ndipo inu owerenga, musadikire onsewa. Sabata ino pitani kwa agogo kapena kwa mjomba wamkulu, mupemphe ulemu kuti akutsegulireni thiranki kapena sutikesi ya malemu. Mukapeza kalata, chithunzi, buku la malipiro kapena chikalata chotsazikira usilikali, musachichape, musachimate ndi selotepi. Chijambuleni mbali zonse ziwiri pamodzi ndi envulopu yake, lembani dzina, nambala, mudzi ndi mfumu, tumizani zithunzizo kwa abale atatu kapena anayi, ndipo pepalalo mulisunge pouma, patali ndi pansi. Kenako khalani pansi ndi wamkulu amene anamuona msilikaliyo ndi maso, mumufunse amene ankawerenga makalatawo pakhonde, mujambule mawu ake akadali moyo.